Mpopi wa Amake Zelesi

Siyani kaye nsoloyo, miyala siithawa. Inu Ba Mwansa, mbuya wanga wa Chibemba amene mwambo umandilola kukutukwanani, tsekani pakamwa ntchentche zingalowemo, chifukwa ndikuona mwayamba kale kuseka nkhani ndisanaiyambe n'komwe. Amene akuti ndine wabodza aimirire pompano, andiyang'ane m'maso, anene pamaso pa onse okhala pansi pa mtengo uno. Palibe? Ndiye tcherani khutu mumve momwe ine Aizeki Sakala wa ku Katete, amene ndinagwira zitsulo m'fakitale ya nsalu mpaka tsiku limene anatseka geti, ndinakonzera mpopi umene unakanika komboni yathu yonse ino ya Nangongwe, Kafue yense ndi Lusaka yomwe. Ndikawonjezera ngakhale liwu limodzi, mphezi indipeze masana ano opanda mtambo.

Nonse mukudziwa kuti amake Zelesi, mkazi wanga, kulibe kunyumba. Uno ndi mwezi wachitatu. Anapita kwawo ku Katete, ndipo tsiku lonyamuka anaima pakhomo la khitchini, chikwama m'manja, n'kundiuza kuti, "Atate ake Zelesi, mpopi uwu ukadzaleka kudontha mudzandiitane. Ukapanda kuleka, musavutike n'kuimba foni." Basi, mawu awo anali omwewo. Inu mukuona ngati ndi nkhani ya madzi, koma ine ndikuti ndi nkhani ya banja langa lonse.

Muudziwe kaye mpopiwo. Si timipopi tanu ta pulasitiki ta masiku ano, toti mwana akatsokomola pafupi n'kuthyoka ayi. Ndi wamkuwa, wolemera kuposa mutu wa Ba Mwansa, ndipo ndi umene ndinakwatira nawo. Nditapita kumudzi pa tchuthi ndili mnyamata, anzanga ankafunsira ndi njinga, ena ndi wailesi, ena ndi ng'ombe za atate awo, ine ndinalibe kanthu koma jombo za kuntchito ndi pakamwa pangapa. Ndinakumana naye mtsikanayo akukwera chitunda kuchokera kudambo, mtsuko pamutu, khosi litauma, thukuta likutsikira m'maso, ndipo ndinamuuza kuti, "Ukandilola, mutu wakowu sudzaonanso nkhata. Kwathu ku Kafue madzi amatuluka m'khoma." Ananditcha wabodza, monga mukuchitira inumu, koma anandilola.

Tsiku limene ndinalowa nawo m'nyumba ya kampani, sanayang'ane mipando, sanayang'ane bedi, analunjika ku khitchini n'kupotokola mpopi uja, madzi n'kuti phwaa, iwo n'kulumpha mpaka kugunda mutu kumalata, n'kutseka, n'kutsegulanso, n'kutseka, n'kutsegulanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, moti mtsinje wa Kafue unatsika mpaka mvuu zinapsa misana ndi dzuwa, asodzi n'kumatola nsomba pamatope ndi manja. Mukumva? Kenako anatenga nkhata imene anabwera nayo kuchokera kumudzi n'kuiponya pamoto. Apongozi ndi alamu anga akabwera kudzacheza, choyamba kuwaonetsa chinali mpopiwo, ana pambuyo. Zaka zonsezi akhala akuupukuta ndi phulusa ndi ndimu Loweruka lililonse, ukuwala moti ine ndinkameta ndevu ndikudziyang'anira pomwepo. Ndipo m'mawa uliwonse, asanakoleze mbaula, ankatunga kapu imodzi n'kumwa ataimirira, n'kunena okha kuti, "Madzi a m'khoma." Ankaganiza kuti sindikumva.

Ndiye chaka chatha unayamba kudontha. Poyamba kunali kadontho kamodzi, kaulemu, kodikira kanzake kagwe kaye. Ine ndinati ndikonza mawa. Mawa lake madontho anakula kufika pa dzira la nkhuku, mkuja wake kufika pa dzungu, ndipo lililonse likagwa mu sinki nyumba inkagwedezeka, mbale n'kumatsika zokha pa shelefu, a neba n'kumatuluka kuganiza kuti sitima ya katundu yasiya njanji. Woyendetsa sitima wina anabweradi ndi chipewa chake m'manja kudzandidandaulira kuti mpopi wanga ukumusokoneza, sakusiyanitsanso kugunda kwake ndi kwa magudumu. Ndinaumanga ndi malegeni, mphira zija timadula ku chubu cha njinga, ndinakulunga chubu chathunthu, cha njinga chitatha ndinakulunga cha minibasi, cha minibasi chitatha cha thirakitala, koma madzi anakoka mphira yonse ija, kukoka, kukoka, n'kuitaya, ndipo inatulukira pawindo n'kukagwetsa khwangwala ku Mazabuka.

Madzi anadzaza khitchini, anatulukira pakhomo, anatsata msewu uwu mpaka kukalumikizana ndi mtsinje, ndipo milamba itamva kuti kwatseguka njira yatsopano inayamba kukwera, ikudutsa pamsika, ikupatsa moni amayi ogulitsa tomato, mpaka kudzagona pansi pa tebulo langa. Udzu uja woyandama, umene umatseka mtsinje, unaphuka maluwa kuseri kwa kabati. Ba Mwansa mukupukusa mutu chifukwa chiyani? Simunadye nsomba kwathu inu mwezi wonse uja osafunsa kumene zikuchokera? Inu a Bemba mukakhuta mumaiwala msanga. Achinyamata a tchalitchi cha pakona aja anabwera ndi ng'oma ndi chimkuzamawu kudzaudzudzula mpopiwo, anapemphera masiku atatu atapinda mathalauzi, mpopi n'kumadontha motsata ng'oma yawo, mpaka abusa awo ataona kuti madzi akwanira anabatiza anthu khumi ndi awiri pomwepo, pakati pa mbaula ndi kabati, n'kutsanzika.

Zelesi, mwana wathu wa ku Kitwe uja, anaimba foni kuti atumize munthu wa mapaipi. Ndinamuuza kuti m'nyumba ya Sakala simulowa sipanala ya mwamuna wina ine ndili moyo. Ba Mwansa nanunso munadzipereka, paja ku fakitale munali wa mapaipi, ndipo ndinakubwezerani pageti. Munthu amene ndinkamasula makina aakulu kuposa tchalitchi ndingathandizidwe kukonza kampopi?

Zonsezo ndinkapirira. Chimene sindinapirire ndi ichi. Tsiku lina amake Zelesi anakatseka madzi panja, pa chotsekera chapafupi ndi mita, kuti nyumba iume. Ine ndili pano, pa mpando womwe uno, ndikuwadya miyala Ba Mwansa, nditakweza maso ndinaona mayi wa imvi akuchokera kwa a neba, chidebe pamutu, pansi pa chidebecho pali nkhata ya chitenje chakale. Anali amake Zelesi, ndipo anadutsa apa, apa penipeni, osandiyang'ana. Nonse munaona, ndipo nonse munaweramira pa nsolo ngati simunaone, ndikuthokozani. Ine mumtima munapsa. Sabata yomweyo ndi imene ananyamuka.

Musandifunse za nyumba yopanda amake Zelesi. Ndawasowa, anthu inu, ndikunena poyera. M'mawa ankaimba nyimbo za kwaya akutsuka makapu, mawu osamveka bwino chifukwa cha madzi, ine n'kumanamizira tulo kuti asaleke. Tsopano ndimadzuka n'kupeza kapu ili pomwe ndinaisiya dzulo, tiyi ataumira pansi. Patapata zawo zili pakhomo momwe anazivulira, ina kuyang'ana uku ina uko, ndipo posesa ndimazilambalala. Nshima ndimaphika ndekha, imatuluka yosapsa pakati, moti galu wa a neba atainunkhiza anasamukira ku mafakitale. Palibe wondiuza kuti malaya ndavala mopotoka, palibe wondidula ndikayamba nkhani, ndimangolankhula mpaka mapeto, ndipo nkhani yopanda wondidula sindiimva kukoma. Minibasi ikaima pamsewu waukulu ndimatembenuka, ngakhale ndikudziwa kuti sanandiuze kuti akubwera.

Ndiye tsiku lina ndinati basi, lero ndi lero. Ndinatenga sipanala n'kumasula mutu wa mpopi. M'kati mwake muli kachitsulo ka mazinga, kamene kamatsika ndi kukwera mukamapotokola, ndipo kunsi kwake kuli kampira kozungulira kotchedwa washa, kamene kamatseka madzi. Ine kachitsuloko ndimakatcha mtima wa mpopi. Washa inali itatha, yatsala kapepala, ndipo mazinga a mtimawo anali atadyeka mpaka kusalala. Dzanja la mkazi mmodzi, zaka zoposa makumi anayi, linadya mkuwa.

Ndinakulunga mtima uja m'mpango n'kuyamba ndi mashopu a zitsulo a m'tauni muno. Mtsikana wa pa shopu yoyamba anautembenuza ndi zikhadabo zake zazitali n'kuti, "Ba shikulu, ivi vinasila kudala, sivipezeka. Gulani chabe pompi ya nyowani." Mwamva, akuti zoterezi zinatha kalekale, nkhalamba ine ndigule mpopi watsopano. Ndinamufotokozera bwinobwino kuti mazinga akale ndi a muyeso wina, atsopano salowa, ndipo kuzula mpopi wonse n'kuikapo wa pulasitiki n'chimodzimodzi kuuza amake Zelesi kuti zimene ndinalonjeza kudambo zija zinali za pulasitiki. Iye anangobwerera pa foni yake. Pa shopu yachiwiri anaitana anzawo kuti adzaone, wina n'kujambula. Pa yachitatu mwini wake anavula chipewa, n'kundipepesa ngati ndamuonetsa chithunzi cha malemu.

Ndinakwera minibasi ya ku Lusaka. Tinapanikizana m'menemo moti ndinatsika ndi mwendo wa munthu wina, tinachita kubwezerana pamsewu, ndipo ndikukayikabe ngati bondo ili ndi langa. Ndinazungulira misika yonse, mzere ndi mzere, tebulo ndi tebulo, jombo zinatha ndinayendera masokosi, masokosi anatha ndinayendera mapazi, mapazi n'kumadyeka, moti ine amene ndinkawerama polowa pakhomo onani lero ndafupika chonchi. Mukumva? Anandionetsa mitima yamitundumitundu, koma ndikaiyerekeza ndi wanga, wina wamfupi, wina wonenepa, wina mazinga ake oyang'ana kumbuyo, wina wopepuka moti mphepo itaomba tinachita kuuthamangitsa. Ndinabwerako chimanjamanja, mpango uli m'thumba.

Tili pafupi kulowa m'Kafue, nditaona michumuni ya mafakitale patali, ndinakumbukira. Ku fakitale yathu, kuseri kwa chipinda chodyera, kunali mpopi wapachibale ndi wanga, wobadwa tsiku limodzi, umene tinkasambapo m'manja belu likalira. Ndinatsikira pomwepo. Ba Mwansa mukudziwa momwe kunkakhalira: m'mawa msewu wonse njinga zokhazokha, maovololo abuluu mpaka pomwe maso alekezera, makina akulira moti polankhulana tinkawerengana milomo, fungo la utoto wa nsalu lokakamira m'tsitsi mpaka Lamlungu, ndipo masana akazi athu atandanda pageti ndi timabakuli tokulunga m'nsalu. Amake Zelesi ankaima kumanzere kwa geti nthawi zonse, pamthunzi wa mpanda. Tsiku limenelo ndinapeza udzu wofika m'khosi, mbuzi zikudya pamalo pamene panali ofesi ya kapitawo. Ndinayang'ana kumanzere kwa geti, ndipo misozi inatsika, sindibisa. Nditatsokomola kuti ndikonze pakhosi, makina aja anandizindikira mawu n'kudzuka okha, dzimbiri likuyoyoka, akangaude akuthawa, n'kuluka chitenje chimodzi chathunthu cha maluwa achikasu amene amake Zelesi amakonda, n'kugonanso. Mukufuna muchione? Ndinachiyanika pa waya, mphepo inatenga.

Koma mpopi uja panalibe, panangotsala dzenje m'khoma. Mlonda wa pamenepo, nkhalamba ngati ife tomwe, anandiuza kuti akuba zitsulo anauzula, ndipo akuwoloka nawo mtsinje pa bwato unagwera m'madzi, ng'ona n'kuumeza. "Simuisowa," anatero, "ndi ija yotupa." Mpopi unali utakatseka m'mimba mwake, madzi akalowa osatulukanso.

Ndinatsikira kumtsinje pafupi ndi mlatho, m'mawa mwake dzuwa likutuluka kumene, ndipo ndinaipeza: ng'ona yotupa kuposa thanki ya ku fakitale ya feteleza, maso ali tong'o, ikubuula, asodzi ataimika mabwato patali, mvuu zitaizungulira kudzazonda wodwala. Ine sindinatenge mfuti, sindinatenge mkondo, ndinatenga sipanala yanga yokha, chifukwa munthu wa zitsulo akaona chinthu amayang'ana kaye pomasulira. Ndinavula malaya, ndinalowa m'madzi, iyo inatsegula kukamwa, ine ndinaiuza kuti idikire ndabwera pa ntchito, ndinazungulira kumbuyo, ndinakoletsa sipanala pa mchira n'kupotokolera kumanzere, chifukwa chilichonse padziko pano chimamasukira kumanzere, kamodzi, kawiri, kachitatu mchira n'kuguluka m'manja mwanga, madzi a miyezi isanu n'kutuluka nthawi imodzi, kundinyamula ine ndi mabwato ndi mbuzi ziwiri ndi mayi wina amene ankachapa, mpaka ku damu la magetsi, makina a kumeneko n'kuzungulira mopenga, magetsi n'kuyaka dziko lonse. Mukukumbukira tsiku lija magetsi sanazime kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Ndinali ine.

Ndinasambira kubwerera chokwera mtsinje, sipanala pakamwa, mayi uja pamsana ndi zochapa zake zomwe. Ng'ona ndinaipeza itaphwa, ikupuma bwino. Ndinapisa dzanja mpaka paphewa, ndinatulutsa belu la njinga, ndinapisanso ndinatulutsa wotchi ikuyendabe, kachitatu ndinatulutsa mpopi uja ukunyezimira. Ndinamasula mtima wake pomwepo, mazinga ali akuthwa ngati osemedwa dzulo. Mchira ndinaubwezera, sindine wankhanza, koma pofulumira ndinapingasa mazinga, n'chifukwa chake mpaka lero pali ng'ona imene imangozungulira malo amodzi pansi pa mlatho. Pitani mukaone. Washa ndinadula pa khutu la mvuu imene inayandikira kwambiri kudzaonerera, chifukwa chikopa cha mvuu sichidziwa kudontha.

Kunyumba ndinafika ndikudontha kuposa mpopiwo. Ndinapukuta m'kati, ndinaika washa, ndinakulunga khonje pa mazinga monga tinkachitira kale, osati timatepi tanu toyerati, ndinalowetsa mtima, ndinagwira sipanala n'kumanga. Ndinamanga, ndinamanga, nati inati yakwana, ine ndinati sinakwane, ndinaponda khoma ndi phazi n'kukokanso, ndipo m'malo moti izungulire nati inazungulira nyumba, maziko ndi malata ndi chimbudzi ndi mtengo wa mapapaya, pang'onopang'ono, ikulira, mpaka windo la khitchini limene linkayang'ana kumtsinje linayang'ana kum'mawa, ku Katete. Ndinazisiya choncho. Masiku ano ndikaima pa sinki kunja kukayera bwino ndimaona phiri la kwathu, ndi utsi wa pakhomo pa alamu anga, ndi munthu wina wa duku lofiira akuyanika mphale, ndipo ndimaima pamenepo mpaka miyendo kutopa.

Mpopi unati zii. Ngakhale dontho limodzi. Mlamba womaliza umene unkadikirabe pansi pa tebulo unataya mtima n'kubwerera kumtsinje wapansi.

Mwati chiyani Ba Mwansa? Nenani mokweza onse amve. Akuti, "Nomba mudala, ngati pompi inasila, ba mayo bali kuti?" Mwamva, akufunsa kuti ngati mpopi unatheka, amake Zelesi ali kuti. Funso la Mubemba ndi limeneli, lolowa m'nyumba ndi nsapato zamatope. Chabwino. Ife a kum'mawa ndi a Bemba ndi chimbuya, iwo amandinena za mbewa, ine ndimawanena za anyani, ndipo mbuya amaloledwa kufunsa zimene ena akuopa. Ndiyankha.

Ndinaimba foni Lachiwiri m'mawa. Ndinavala malaya oyera ngati andiona. Nditangomva mawu awo ndinakhala pansi. Ndinati mpopi watheka, bwerani. Ndinayamba za ng'ona, anandidula ndisanafike pa mchira.

"Ikani foniyo pa sinki."

Ndinaika. Zii.

"Chabwino. Tsopano tsegulani ndimve madzi."

Apa, anthu inu, musandiyang'ane choncho. Mpopi uli zii chifukwa madzi akadali otseka panja. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaona ketulo ya madzi otunga kwa a neba, ndinaikweza m'mwamba n'kuthira mu sinki, phwaa, mwaluso ndithu, moti aliyense wa inu akanakhulupirira.

Kenako anati, "Imeneyo ndi ketulo yanga. Chivundikiro chake chimagwedera."

Ndinati ayi, ndi sitima ikudutsa.

"Sindikunena za chivundikiro chokha. Ndikumva momwe chikugwederera. Atate ake Zelesi, manja aja afika pati?"

Ine ndinkati sakudziwa kuti manja anga amanjenjemera. Ndinkawabisa m'matumba, tiyi ndinkamwa iwo atatuluka panja. Koma anati anaona kalekale, tsiku lina ndikulimbana ndi batani la malaya, ndipo nthawi yonse ija ndinkati mawa, mawa, ankadziwa kuti si ulesi. "Chidebe sichinandipweteke, ndikanasenza mpaka kufa," anatero. "Chimene chinanditopetsa n'kukhala ndi munthu wolola nyumba imire kusiyana n'kuitana mnzake. Itanani mbuya wanu Mwansa. Akakonza andiimbire yekha, ndimve madzi iye ali pomwepo. Ndikamva, mawa lake ndikwera basi." Anadula.

Onani. Ndawatulutsa m'matumba, onani bwino momwe akuchitira. Mumati ndimabera nsolo, kuti miyala imagwera m'dzenje losayenera. Sindibera. Kumasula mpopi ndinamasuladi, chifukwa kumasula ndi mphamvu chabe. Kubwezera kumafuna zala zokhala chete kuti mazinga agwirane, ndipo ndayesa m'mawa uliwonse masabata atatu, kachitsulo kamangovina pakamwa pa mpopi n'kugwera mu sinki, ine n'kutola, n'kuyesanso, mpaka thukuta. Mtima wake ndi uwu, ndauika pa nsolo, ugwireni. Uwu ndi weniweni, muyeso wake ndi womwewo. Ndinaupeza m'chitini cha zitsulo zakale kwa bambo wina kuseri kwa msika wathu uno, nditafukula tsiku lonse. Washa ndi ya tayala. Ng'ona ija mwina ndinaiwonjezera pang'ono. Nyumba nayo sinazungulire, koma pawindo paja ndimaimadi.

Ba Mwansa, nyamukani. Tsiku la maliro anga ndinu mudzagwire ntchito yonse uku mukundiseka, mwambo ukutero, ndiye yambirani lero ndikadali ndi makutu. Sekani. Uzani Nangongwe yense kuti wodya mbewa analephera kampopi, muimbe mpaka chaka chamawa, sindiyankha. Mutenge sipanala yanu, yanga ndi yolemera kwa anthu wamba. Ine ndikhala pambali kukulozerani pogwira, chifukwa inu a Bemba kumanja ndi kumanzere mumasokoneza. Madzi akatuluka muimbe ndinu monga ananenera, nambala ndikupatsani, muike foni pa sinki amve mpaka akhutire. Koma mukamaliza kulankhula musadule. Mundipatseko foniyo.